Mawu a M'mawa: Chipewa cha Bambo Huddleston

Mwadzuka bwanji okondedwa mwa Ambuye? Lero tiwerenge Agalatiya 2:11-14.

Ku Antiokeya, Petro ankadya mbale imodzi ndi anthu a mitundu ina popanda vuto lililonse. Atangofika anthu ochokera kwa Yakobo, anayamba kuzemba n'kumakadya payekha, poopa a mdulidwe. Ngakhale Barnaba anatengeka nazo. Paulo sanamukokere pambali ayi, anamudzudzula pamaso pa onse, pakuti cholakwacho chinachitikanso poyera. Petro sanasinthe chiphunzitso. Anangosintha pokhala nthawi ya chakudya, ndipo mpingo unang'ambika.

Mu 1943 wansembe wa Anglican wochokera ku England, Trevor Huddleston, anatumizidwa ku Sophiatown, mumzinda wa Johannesburg ku South Africa, komwe azungu ankasala anthu achikuda, kukatumikira pa tchalitchi cha Christ the King. Tsiku lina anadutsa pomwe panaima mayi wachikuda, wogwira ntchito yophika, ali ndi mwana wake wamwamuna. Wansembeyo anavula chipewa kupereka ulemu kwa mayiyo. Mwana uja anali Desmond Tutu, yemwe anadzakhala bishopu wamkulu wa Anglican, ndipo ankaikamba nkhaniyi mpaka atakalamba. Agogo athu akanaimva msanga kulemera kwake, chifukwa ku Nyasaland wachikuda ndiye ankavulira mzungu chipewa, ndipo dandaulo limeneli linamveka pomwe boma linkafufuza za kuukira kwa John Chilembwe kwa mu 1915.

Koma kuvula chipewa n'kwa kanthawi. Chomwe chinamanga ubwenzi wa Tutu ndi Huddleston chinabwera pambuyo pake. Tutu ali mnyamata anadwala chifuwa chachikulu n'kugonekedwa m'chipatala kupitirira chaka ndi theka, ndipo Huddleston ankapita kukamuona mobwerezabwereza atatenga mabuku. Kuzonda wodwala kamodzi aliyense amatha. Pofika mwezi wachitatu ozonda amakhala atatha, ndipo wobwerabe nthawi imeneyo ndiye amene wodwala amamuwerengera. Tutu atabereka mwana wake woyamba anamutcha Trevor.

Nanga ubwenzi wotere umafera pati? Kawirikawiri umafera pobisika. Azungu ena ankacheza bwino ndi antchito awo kukhitchini, koma alendo akabwera, yemwe uja ankasanduka "boyi" wopanda dzina. Amenewo ndi matenda a Petro enieni. Umaferanso pa chifundo chopereka kokha: iwe n'kumangopatsa zovala ndi ndalama, koma osalowa m'nyumba mwa mnzako, osadya nsima yake, osamufunsa nzeru. Wolandira amathokoza ndithu, koma mumtima amadziwa kuti ndi wothandizidwa, si bwenzi. China chomwe ambiri amaiwala n'chakuti mtengo wa ubwenziwo sunali wofanana. Wachikuda akapezeka usiku kudera la azungu alibe chiphaso ankagona m'chitokosi, pomwe mnzake ankagona pabedi pake. Ndiye woyenda momasuka ndi amene ayenera kunyamuka n'kupita kwa mnzake. Huddleston ankakhala pakati pa anthu omwe ankawatumikira.

Tisanamizane kuti ubwenzi umagonjetsa chilichonse nthawi yomweyo. Pa 9 February 1955 apolisi pafupifupi 2,000 analowa mu Sophiatown n'kuyamba kusamutsira anthu ku Meadowlands. Nyumba zinagwetsedwa, malowo anapatsidwa kwa azungu ndi dzina latsopano loti Triomf. Huddleston anatsutsa poyera ndipo sanawathawe anthu ake, komabe magalimoto ananyamula katundu. Mu 1956 iyenso anachoka m'dzikomo, akuluakulu a gulu lake la ansembe atamuitanitsa.

Zikwangwani zolekanitsa anthu zinachotsedwa, koma mizere ilipobe: mtundu, chigawo, mlonda wapageti, wothawa kwawo wa ku Dzaleka, mlendo amene Chichewa chimamuvuta. Lero sankhani munthu mmodzi yekha, osati gulu. Funsani dzina lake lenileni ndipo muzimutchula nalo. Mupatseni moni anzanu akuona, makamaka anzanu omwe mumaopa kuti akusekani. Ikani tsiku loti mukamuone kwawo, ndipo akakupatsani mpando khalani, akakuikirani chakudya sambani m'manja.

Tipemphere: Atate, tichotsereni mantha a anthu omwe anagwira Petro ku Antiokeya. Mutikumbutse amene tinamusiya m'chipatala kapena kundende osabwererakonso, ndipo mutipatse mphamvu yopitako sabata ino. M'dzina la Yesu, Amen.