Mpini wa hamala ya agogo

Mwadzuka bwanji abale ndi alongo mwa Ambuye? Lero ndiyamba ndi pempho ndisanafotokoze chilichonse: musaike hamala pansi.

Sabata ino yandilemera. Mwana wanga woyamba, mnyamata, watha zaka zitatu osaponda kutchalitchi. Lachiwiri usiku tinalankhulana mawu olasa mpaka anamenyetsa chitseko n'kutuluka. Lachitatu m'mawa sindinagwade. Ndinangokhala pabedi, mtima ukundifunsa kuti zaka zonsezi ndikumupempherera, chasintha n'chiyani? Lachinayi chimodzimodzi. Masana a tsikulo ndinaona kuti thabwa limodzi la chitseko chija laguluka, ndiye ndinapita kukatenga hamala ya malemu agogo anga aamuna m'bokosi lawo la zida.

Nditaigwira, chala changa chachikulu chinangogwera pamalo pake. Pampini paja pali kadzenje kosalala, kakuda bii ndi thukuta, kamene palibe anakasema ndi mpeni. Kanakumbika ndi chala cha agogo basi, msomali umodzi lero, wina mawa, kwa zaka zoposa 50. Ndinakhala pansi pakhomo pomwepo, misozi ili mbwembwembwe.

Agogowo anatisiya ali ndi zaka 94. Ali mnyamata anamenya nawo nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, ndipo mu 1944 anali ku Burma, m'nkhalango za mvula yosakata, kumene malungo ankagwetsa asilikali ambiri ngakhale mfuti isanalire. Nkhondo itatha mu 1945 anabwerera, anaphunzira ukalipentala, anakwatira, analera ana asanu ndi awiri. Za kunkhondo sankakonda kukamba. Tikawaumiriza ankangoti, "Anzanga ambiri anatsala konko. Ine Mulungu anandibweza kuti ndidzagwire ntchito." Akatero ankatenga hamala n'kubwerera kubenchi.

Pa maliro awo anawerenga 2 Timoteo 4:7, mawu amene tonse timawadziwa: "Ndalimbana nako kulimbana kwabwino, ndatsiriza njirayo, ndasunga chikhulupiriro." Tsiku limenelo ndinkaganiza kuti kulimbanako kunali kwa ku Burma. Lachinayi lija, chala changa chili m'kadzenje, ndinazindikira kuti kunkhondo anakhalako zaka zochepa chabe. Kulimbana kwakutali kunali kwa m'mawa uliwonse, pamene ankadzuka kusanache n'kumatchula ana awo mmodzimmodzi pamaso pa Mulungu. Makoma anali opyapyala, tinkawamva. Ndipo dzina limene ankachedwa nalo kwambiri linali la amalume anga ena, omwe mowa unawatenga kwa zaka pafupifupi makumi awiri. Agogo aakazi ankatopa, ankakalipa, nthawi zina ankawatsekera panja. Agogo aamuna ankatsegula, kuwapatsa madzi osamba, m'mawa n'kuwatchulanso dzina.

Zaka makumi awiri. Ine zitatu zokha ndaika kale hamala pansi.

Apa ndidzidzudzule ndekha, koma ndikudziwa kuti sindili ndekha pagulu pano. Ife timafuna kumenya kamodzi, msomali ulowe, tiombe m'manja. Tikasala kudya masiku atatu osaona kanthu, timayamba kuwerengera Mulungu ngati ali nafe ngongole. Mayi, bambo, mchemwali wanga amene mukupempherera banja lanu, achimwene amene mwatopa ndi ntchito yosayamikidwa: kadzenje kaja sikanaoneke chaka choyamba. Ndikhulupirira kuti ngakhale chaka chachisanu mpini unali udakali wamyaa ngati wogula kumene. Koma unali ukudyeka, mwini wake osadziwa. Musaike hamala pansi.

M'bokosi lomwelo muli chitini cha misomali yopindika. Agogo sankataya msomali. Ankauika pachitsulo, n'kuugogoda pang'onopang'ono, akuutembenuza ndi zala, mpaka uwongoke. Ankati ukaumenya mwaukali umathyoka. Ine Lachiwiri lija ndinamenya mwaukali. Mawu anga anali oona, inde, koma ndinawaponya ngati munthu wofuna kupambana mkangano, osati wofuna kuwongola mwana wake. Ambuye andikhululukire.

Ndimakonda kukumbukira kuti Yesu mwini ankadziwika kwawo ngati mmisiri wa matabwa, monga anthu anamutchulira pa Maliko 6:3, ndipo anayamba utumiki wake ali ndi zaka pafupifupi 30. Zaka zonse za m'mbuyozo zinathera pantchito yamanja imene Uthenga Wabwino sunaifotokoze n'komwe. Paulo naye, amene analemba za kutsiriza njira uja, ankasoka mahema ku Korinto pamodzi ndi Akwila ndi Prisila. Manja amene Mulungu amawagwiritsa ntchito amakhala ndi zikang'a. A agogo anali okhakhala ngati khungwa la mtengo, ndipo atakalamba ankanjenjemera mwakuti sankathanso kulunjika msomali. Komabe ankapempha kuti tiwaikire hamalayo pamiyendo akakhala pampando, chala chili pamalo pake, milomo ikugwedezeka. Panthawiyo mayina anali atachuluka, adzukulu ndi zidzukulutudzi, ndipo la mwana wangayu linali momwemo.

Amalume aja anasiya mowa agogo adakali moyo, ndipo ndi amene anawasamalira miyezi yomaliza. Sindikunena izi kuti ndikulonjezeni kuti nanunso ziyenda choncho pa tsiku lakutilakuti. Agogowo sankadziwa kuti zidzatha bwanji, koma ankadzukabe. Agalatiya 6:9 amati tisaleme pakuchita zabwino, ndipo nyengo yokolola ili m'manja mwa Mwini munda.

Chitseko ndinachikonza ndi misomali itatu ya m'chitini, yowongola ndekha. Dzulo ndinagwadanso, ngakhale mawu anali ochepa, dzina la mwana wanga ndi "Ambuye, mukudziwa." Usiku sindinakhome chitseko. Sanabwere. Lero ndamutchulanso, ndipo hamala sindinaibwezere m'bokosi, ili pano pafupi ndi Baibulo.

Tsiku labwino nonse, Ambuye akusungeni.