Amayi a jazi amene anakana kusiya zida zawo

[Chithunzi: bandi ya jazi ya kale, mayi ali kutsogolo ndi maikolofoni]

Tandiuzani, mukamva zoti mayi woyimba jazi, m'maganizo mwanu mumabwera chiyani? Ambirife timaona mayi wovala diresi lalitali, wayima kutsogolo, kumbuyo kwake kuli abambo okhaokha, wina pa piyano, wina pa ng'oma, wina pa lipenga. Izi sizinangochitika zokha. Kwa zaka zambiri ku America, eni malo azisangalalo ndi makampani ojambula nyimbo ankakonda kuti mzimayi azioneka komanso azimveka mawu, koma zida azisiyira amuna. Lero tikamba za amayi amene ankachita zonse ziwiri, kuyimba pakamwa ndi kuliza chida, ndi zimene anakumana nazo pofuna kuti asalandidwe chimodzi.

Tiyambe ndi Sarah Vaughan. Dzinali ndi lalikulu pa nkhani ya mawu, koma pamene Earl Hines ankamulemba ntchito mu bandi yake mu 1943, anamutenga ngati woyimba komanso woliza piyano wachiwiri. Atatchuka, piyano ija inazimiririka pamaso pa anthu. Carmen McRae nayenso ankapeza ndalama poliza piyano m'makalabu asanadziwike ndi mawu ake.

[Chithunzi: Nina Simone ali pa piyano]

Kwa Nina Simone zinayenda mosemphana. Iye sankafuna n'komwe kuyimba pakamwa. Anabadwa mu 1933 ku Tryon, North Carolina, dzina lake lenileni linali Eunice Waymon, ndipo khumbo lake linali lodzakhala katswiri wa piyano ya nyimbo za Bach ndi anzake. Sukulu ya nyimbo ya Curtis Institute ku Philadelphia inamukana malo, ndipo iye mpaka imfa yake ankakhulupirira kuti anamukana chifukwa cha khungu. Mu 1954, ndalama zitavuta, anapeza ganyu yoliza piyano mu bala ina ku Atlantic City. Mwini bala anamuuza kuti ngati ntchito akuifuna, aziyimbanso pakamwa. Dzina loti Nina Simone analitenga nthawi imeneyo, kuti mayi ake, omwe anali mlaliki wa mpingo wa Methodist, asadziwe kuti mwana wawo akuyimba m'malo omwera mowa. Sukulu ya Curtis inadzamupatsa digiri yaulemu mu 2003, patangotsala masiku ochepa kuti amwalire.

Tsono mwina mukufunsa kuti vuto ndi chiyani ngati mayi angoyimba pakamwa, wina n'kumamulizira piyano? Nkhani yagona pa amene akuwongolera nyimbo. Mu jazi, nyimbo siyendera pepala lokha. Woliza piyano ndi amene amasankha liwiro, amasankha makodi (manotsi angapo olizidwa pamodzi) oti akhale pansi pa mawu, ndiponso amasiya mpata kapena kuudzaza. Ngati woyimba ndi munthu wina, ayenera kudikira kuti mnzakeyo amvetse zimene akufuna. Koma ngati zala ndi pakamwa ndi za munthu mmodzi, bandi yonse imatsatira iyeyo. Amenewo ndiye udindo umene ambiri sankafuna kupatsa mzimayi.

[Chithunzi: Shirley Horn ndi anzake awiri, wa besi ndi wa ng'oma]

Kwa ine, amene amaonetsa bwino mfundo imeneyi ndi Shirley Horn wa ku Washington. Mu 1960 anajambula chimbale chotchedwa Embers and Ashes pa kakampani kakang'ono. Katswiri wa lipenga Miles Davis atachimva anamuitanitsa ku New York kuti aziyimba iye asanakwere pa siteji ku kalabu ya Village Vanguard. Mwayi woterewu sumabwera kawiri. Kampani ya Mercury inamusayinitsa, koma taonani zimene inachita: pa chimbale cha Loads of Love cha mu 1963, piyano inaperekedwa kwa abambo, Shirley n'kumuyimika pa maikolofoni.

Zimenezi sizinamukomere, ndipo mukamvetsera kayimbidwe kake mumvetsa chifukwa chake. Shirley ankayimba pang'onopang'ono kwambiri, moti umatha kuganiza kuti nyimbo yaima. Amatchula mawu awiri, n'kukhala chete, n'kugunda kodi imodzi, n'kudikiranso. Woliza piyano wina aliyense angachite mantha ndi bata limenelo n'kuyamba kudzazamo zinthu. Shirley yekha ndi amene ankadziwa kuti mpweya wake ubwerera liti.

Anabwerera kwawo ku Washington kukalera mwana wake wamkazi, n'kumangoyimba m'makalabu apafupi. Dziko linadzamukumbukira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 atalowa kampani ya Verve, ulendo uno ali pa piyano yake. Miles Davis analiza lipenga pa chimbale chake cha You Won't Forget Me cha mu 1991, chaka chomwe Miles anamwalira, ndipo mu 1999 Shirley analandira mphoto ya Grammy. Chomvetsa chisoni n'choti matenda a shuga anadzamudulitsa phazi, moti kwa kanthawi sankatha kuponda zopondera za piyano, ndipo anakakamizikanso kusiyira munthu wina mpando uja.

Piyano bola, anthu ankati n'chida choyenera mtsikana wakhalidwe. Lipenga ndiye ankati ndi la amuna basi. Komabe Valaida Snow, wobadwa mu 1904, ankaliza lipenga, kuyimba ndi kuvina, ndipo anayenda mpaka ku Shanghai ndi ku Ulaya. Anthu ankamutcha Little Louis pomufanizira ndi Louis Armstrong. Luso analivomereza, koma dzina anamupatsa la mwamuna.

[Chithunzi: Esperanza Spalding atagwira besi yaikulu yoyimirira]

Masiku ano pali Diana Krall wa ku Canada, amene anayamba ngati woliza piyano, kenaka mphunzitsi wake Jimmy Rowles n'kumulimbikitsa kuti aziyimbanso. Koma amene amandizunguza mutu ndi Esperanza Spalding. Besi ntchito yake ndi kuyenda mosaphonya, kugunda kanayi m'chigawo chilichonse, pomwe mawu a jazi amakonda kuchedwerako pang'ono kapena kutsogola. Kuchita ziwirizi nthawi imodzi kuli ngati kusinja uku ukupeta. Iye amazichita akumwetulira. Ali ndi zaka 20 anali kale mphunzitsi ku sukulu ya nyimbo ya Berklee, ndipo mu 2011 anapambana Grammy ya woyimba watsopano, kugonjetsa Justin Bieber ndi Drake. Anali woyimba jazi woyamba kutenga mphoto imeneyo, ndipo otsatira Bieber anakwiya mpaka anakasokoneza tsamba lake la Wikipedia.

Amene muli ku South Africa, simufunika kuwoloka nyanja. Siya Makuzeni amaliza lipenga la trombone komanso amayimba pakamwa, ndipo Thandi Ntuli ali pa piyano ndi mawu. Onsewa analandirapo mphoto ya Standard Bank Young Artist mbali ya jazi, Makuzeni mu 2016, Ntuli mu 2018, ndipo onse amatsogolera mabandi awoawo.