Condo yotchipa ya m'mphepete mwa nyanja mu Seputembala

Moni nonse abale anga, a ku South Bend, a ku Joni, ndi inu a kumudzi. Lero mundipirire, mtima wandiwawa. Kuno ku gombe la Florida, mbali ya Gulf, mafoni ayambanso kulira ndi machenjezo a namondwe, ndiye pali bwana wina woyang'anira macondo (nyumba za m'nsanjika zimene alendo amachita lendi), dzina tilisiye, akuuza alendo pafoni kuti ndi kamvula chabe, angobwera. Kamvula! Munthuyo akungoopa kubweza ndalama. Mawa auza anthu okonza m'zipinda kuti atsale azinyamula mipando, iye ali ku Orlando, mzinda wa kutali ndi nyanja.

Inu amene mwaona mtengo watsika n'kuyamba kuitanizana pa WhatsApp kuti tikapume kunyanja, dziwani chautsitsa. Nyengo ya anamondwe kuno imayamba pa 1 Juni mpaka pa 30 Novembala, ndipo imafika pachimake cha pa 10 Seputembala. Musanalipire, werengani pepala la mgwirizano. Eni ambiri sabweza ndalama chifukwa choti kunja kwaipa, amabweza pokhapokha boma litalamula kuti anthu asamuke, ena ngakhale pamenepo amakana. Inshuwalansi ya ulendo muigule tsiku lomwe mwalipira, chifukwa namondwe akangopatsidwa dzina, yogula pambuyo pake siikuthandizani.

Mukafika, funsani kuti nyumbayo ili mu zone iti, kutanthauza zigawo zimene boma limatsata posamutsa anthu. Za pamchenga pafupifupi zonse ndi zone A, yoyamba kusamutsidwa. Mukamva chenjezo lotchedwa watch, ndiye kuti mphepo ikhoza kufika m'maola 48. Chenjezo lotchedwa warning ndi maola 36. Musadikire warning. Magombe ambiriwa ali pa tizilumba topyapyala tolumikizidwa ndi milatho, ndipo mphepo ikafika cha pa mamailosi 40 pa ola, milatho ngati Sunshine Skyway amaitseka, ambulansi nazo zimasiya kuyenda. Thirani mafuta odzaza thanki kudakali bata, mutapenso ndalama za m'manja poti magetsi akazima khadi siligwira.

Amalawi timadzimva kulimba mtima, eti. Utamuuza munthu kuti achoke, akuyankha kuti ife tinaona Freddy. Inde, Freddy anatiliza mu Malichi 2023, matope atatsika m'phiri la Soche n'kukwirira Chilobwe. Koma kuno kulibe phiri. Dziko ndi lathyathyathya, ndipo chimene chimapha kwambiri ndi nyanja, mphepo ikaikankhira kumtunda. Namondwe Ian atafika pa 28 Seputembala 2022, madzi ku Fort Myers Beach anakwera kupitirira mamita 4, msewu wopita ku chilumba cha Sanibel n'kuduka. Helene wa 2024 sanatere n'komwe ku Tampa, anadutsa kutali m'nyanja kupita kumpoto, koma madzi analowabe m'nyumba ku Treasure Island ndi St Pete Beach, anthu n'kumira. Pasanathe milungu iwiri, Milton anatera ku Siesta Key.

Ena amati ine ndili pa nsanjika ya 10, madzi andipeza bwanji. Sakupezani, zoona. Koma kumwambako mphepo ndi yamphamvu kuposa pansi. Chikepe amachikweza m'mwamba n'kuchizimitsa kuti madzi amchere asachiwononge, ndiye muzitsika masitepe mumdima ndi ana ndi agogo. Madzi a pampopi amakwera ndi pampu yamagetsi, magetsi akapita mpopi wauma, chimbudzi osagejemuka. Galimoto yanu ili pansi penipeni pamene nyanja idutse. Ikakhala yamagetsi ndiye zoopsa zenizeni, madzi amchere akalowa m'batire imatha kuyaka yokha ngakhale patapita masiku.

Ngati ndi namondwe wamng'ono ndipo sanalamule kusamuka, chotsani chilichonse pakhonde: mipando, tebulo, miphika ya maluwa, ngakhale nsapato. Zitseko zagalasi zotsetsereka zija madzi amalowera m'njanji zake pansi, ndiye zikhomeni, muyale matawulo, kapeti mumukokere kutali. Zomata tepi pagalasi zisiyeni, siziletsa kusweka, zimangopangitsa kuti ligwe zidutswa zikuluzikulu. Dzazani bafa ndi madzi ogejemulira. Akumwa, galoni imodzi munthu mmodzi patsiku, pafupifupi malita 4, ndipo kuno amalangiza za masiku 7. Filiji yosatsegulatsegula imasunga chakudya maola 4 okha, firiza yodzaza maola 48. Mphepo ikalimba khalani m'bafa kapena m'kanjira kamkati kopanda zenera. Chonde, mbaula yamakala yootchera nyama ija musailowetse m'nyumba ati muphikire nsima, utsi wake sununkha koma umapha anthu ali m'tulo. Ufa wanu udikire.

Kukacha dzuwa limawala bwinobwino, ana n'kumalirira kunyanja. Yang'anani mbendera pagombe. Zofiira ziwiri ndiye kuti kusambira n'koletsedwa. Nyanjayi si Senga Bay, ili ndi mkokomo wa madzi wobwerera kuya umene umakoka ngakhale wodziwa kusambira. Ukakugwirani musalimbane nawo, sambirani chammbali motsata gombe mpaka ukusiyeni, kenako mubwerere kumtunda. Madzi odikha m'misewu musawapondenso, amakhala atasakanikirana ndi za m'zimbudzi, ndipo nthambo zamagetsi zogwa zimabisala momwemo.