Makalata anu: mtima ukamathamanga mu minibasi

Tiyambe ndi kalata ya mayi wina wa ku Chilomoni, ati tisawatchule dzina. Alemba kuti:

"Achimwene ine ndimagulitsa kaunjika ku Limbe koma pano minibasi ndikuiopa. Ndikangopanikizana ndi anthu mtima umagunda kwambiri, thukuta kamukamu, mpweya kubanika manja kuchita dzanzi mpaka ndimauza kondakitala anditsitse panjira. Kuchipatala anandiyeza BP, shuga, mtima, akuti zonse zili bhobho. Amuna anga akuti mwina nza anthu. Kodi ndikufa?"

Mayi pepani kwambiri, zimenezi nzowawa ndipo simukunamizira. Poti anakuyezani osapeza kanthu, zomwe mwafotokozazi zikufanana ndi zomwe madokotala amati panic attack. Thupi limatulutsa adrenaline, timadzi tomwe timakonzekeretsa munthu kuthawa kapena kulimbana, ngati kuti mwakumana ndi choopsa pomwe palibe chilichonse, zili ngati alamu ya galimoto yolira mphaka akangodutsa. Mantha amenewa amafika pachimake mkati mwa mphindi 10 kenako amatsika okha ndipo sapha munthu.

Tsono mvetsetsani apa mayi. Mukatsika minibasi ija mtima umakhala pansi eti, ndiye ubongo umaphunzira kuti chakupulumutsani nkutsikako, mawa mantha amabwera okulirapo. Nchifukwa chake thandizo lokambirana lotchedwa CBT limakubwezerani mu minibasi momwemo koma pang'onopang'ono, poyamba siteji imodzi yokha muli ndi mchemwali wanu mpando wa pakhomo, kenako nokha, kenako mpando wa kumbuyo kwenikweni, mtima ukayamba kuthamanga osatsika, mukupuma modekha mpaka ziphwe zokha. Khofi ndi ma energy drink siyani kaye. Mukapitanso kuchipatala afunseni za chithokomiro ndi kuchepa kwa magazi, nazo zimathamangitsa mtima. Abambo akunyumba mukapite nawo, akamve okha.

Ina yachokera kwa mnyamata wa ku Mzuzu:

"Ankolo ndikamapemphera mmutu mumabwera mawu otukwana Mulungu omwe ine sindikuwafuna, ndiye ndimayambiranso pemphero mpaka usiku. Chitseko ndimakachiona kambirimbiri ngati ndakhoma. Sindinauzepo munthu, ndikuopa anena kuti ndili ndi ziwanda."

Mphwanga, kalata yako yandikhudza. Amenewa ndi matenda odziwika, OCD, a maganizo obwera osawafuna omwe amakakamiza munthu kubwerezabwereza zinthu, ndipo amakonda kugwira pa chinthu chomwe munthu amachilemekeza kwambiri, iwe umakonda Mulungu nchifukwa chake maganizowo akukuzunza chonchi. Pafupifupi aliyense amabweredwa ndi maganizo achilendo osawafuna, kusiyana kwake nkwakuti iwe umalimbana nawo, ndiye ukabwereza pemphero kapena ukabwerera pachitseko umapepukidwa kanthawi kochepa, basi vuto lija lapeza chakudya.

Njira yomwe imathandiza amaitcha ERP. Ndi mlangizi wako mumagwirizana kuti chitseko ukhome kamodzi nkukagona, nkhawa ikwere iweyo osadzuka, pemphero upemphere kamodzi ngakhale mawu aja abwere. Masiku oyamba zimavuta zedi sindikunamiza, koma nkhawayo imanka ichepa. Usayambe ndi chovuta kwambiri uli wekha. Ena amapatsidwanso mankhwala ngati fluoxetine, amatenga masabata angapo kuti ayambe kugwira ndiye osawasiyira panjira. Koma zogula mankhwala oziziritsa nkhawa a diazepam mwamseri ayi chonde, thupi limazolowera.

Komweko ku Mzuzu kuli chipatala cha St John of God, ali ndi alangizi a zamaganizo, ku Lilongwe alikonso. Mayi a ku Chilomoni inu Queens ili pafupi, kuli kiliniki ya matenda a maganizo. Ndipo kupita kumeneko kapena ku Zomba Mental sikuti munthu wapenga ayi, anthu a nkhawa ngati zanuzi amathandizidwanso konko. Mphwanga ngati kuyankhula kukuvuta, tenga kalata yomweyi ukawapatse awerenge.

Tipumire kaye kanyimbo, tikabwera tili ndi kalata ya abambo a ku Mangochi omwe akusowa tulo.