Kujambulitsa ana kuchipatala ndi mantha a khansa

Zikomo a Gulupu, mafumu, amayi ndi abambo nonse. Nkhani yandibweretsa lero mwaimva kale, ya mwana amene anagwa pa kabaza sabata yatha n'kumenyetsa mutu pansi, ndipo madokotala atalamula kuti apite ku Blantyre akajambulidwe m'mutu, abale ake anayamba akana poopa kuti makinawo amupatsa khansa. Mantha amenewa ali ndi pochokera, koma akula kupitirira msinkhu wake, ndipo akhoza kutiphetsa ana.

Makina a X-ray ndi a CT amagwiritsa ntchito cheza chosaoneka ndi maso chimene chimadutsa m'thupi. Chezachi chimatha kuwononga maselo, tizigawo ting'onoting'ono timene timapanga thupi, ndipo selo lowonongeka likhoza kudzasanduka khansa patapita zaka zambiri. Ana ndiwo amakhudzidwa kwambiri, chifukwa thupi lawo likukula, maselo awo akuchulukana mofulumira, komanso ali ndi zaka zambiri kutsogolo zoti vutolo lidzaonekere. Inu alimi a kuno kuchigwa mukudziwa kuti dzuwa limene thonje lokhwima limapirira, limapsereza mbewu yongomera kumene.

Koma tifunse kuti chezacho chimakhala chochuluka bwanji. Tonsefe timalandira cheza tsiku ndi tsiku kuchokera m'nthaka, m'miyala ndi mumlengalenga, ngakhale amene sanapondepo kuchipatala. X-ray imodzi ya pachifuwa, ngati ija amajambula poyeza TB, imafanana ndi cheza chachilengedwe cha masiku pafupifupi 10. CT ndiyo imachulutsa, chifukwa imajambula zithunzi zambiri mozungulira thupi: ya m'mutu imafanana ndi miyezi ingapo, ndipo ya m'mimba mwa munthu wamkulu ingafike zaka zitatu. Mu 2012 akatswiri a ku Britain anatulutsa zotsatira za kafukufuku wa ana ndi achinyamata pafupifupi 180,000 amene anajambulidwapo ndi CT. Anawerengera kuti pa ana 10,000 osakwana zaka 10 ojambulidwa m'mutu, mmodzi akhoza kudwala khansa ya m'magazi ndipo mmodzi chotupa cha mu ubongo chifukwa cha chezacho m'zaka 10 zotsatira. Chiopsezocho chilipodi, koma n'chochepa kwambiri, pamene magazi akamatayikira mkati mwa mutu mwana akhoza kumwalira tsiku lomwelo. Choncho dokotala akanena kuti mwana ajambulidwe, musakane.

(Bambo wina akufunsa kuti, ngati makinawo saopsa, n'chifukwa chiyani wojambulayo amathawira kuseri kwa khoma n'kusiya wodwala yekha.)

Mwafunsa bwino, bambo, ndipo ambiri amaganiza zomwezo koma amachita manyazi kufunsa. Mwana wanu amalowa m'chipindamo kamodzi, mwina kawiri m'moyo wake wonse, ndipo amapindula chifukwa matenda ake apezeka. Wojambulayo amakhala momwemo kuyambira m'mawa mpaka madzulo, anthu ali pamzere, chaka ndi chaka, ndipo iye sakudwala, kotero palibe chimene angapindule ndi chezacho. Chiopsezo chimakula malinga ndi kuchuluka kwa cheza chonse chimene munthu walandira, n'chifukwa chake lamulo la ntchito yake limamuuza kuti aime kuseri kwa khoma lotchinga. N'chimodzimodzinso mayi akauzidwa kuti agwire mwana pojambula, amamuveka chovala cholemera chija chokhala ndi mtovu mkati, chifukwa wofunika kujambulidwa ndi mwanayo, osati mayiyo. Kubisala kwa wojambula kukutiphunzitsa kuti cheza chosafunikira tizichipewa, koma sikukutanthauza kuti mukane chimene dokotala walamula.

Pamenepa ndikudzudzuleni pang'ono, chifukwa ena a inu muli ndi vuto losiyana ndi la banja lija. Mwana akangotsokomola masiku awiri mumaumiriza kuti ajambulidwe, ndipo akakukanizani mumati dokotalayo ndi waulesi, n'kukwera minibasi kukalipira kwina. Ndinaonapo mayi amene anajambulitsa mwana mwendo womwewo m'zipatala zosiyanasiyana mwezi umodzi, chifukwa kulikonse kumene ankafika sankanena kuti anajambulitsa kale, ndipo buku la kuchipatala analisiya kunyumba. Ndikudziwa kuti ambiri mabuku anapita ndi madzi nthawi ya namondwe wa Freddy mu 2023, koma amene munapeza ena muziwasunga m'jumbo pamalo okwera, pamodzi ndi zithunzi zimene anakupatsani. Dokotala akalamula musakane, koma asanalamule musaumirize.

Ndaona kuti dzuwa lakwera ndipo ena mukuyang'ana kunjira ya kudimba, ndiye ndifulumire. Popita kuchipatala nyamulani buku ndi zithunzi zakale, ndipo nenani ngati mwana anajambulidwapo posachedwa. Funsani mwaulemu chimene akufuna kuona, komanso ngati sikani ija amapaka mafuta pamimba singathandize, pakuti iyo imagwiritsa ntchito mafunde a phokoso ndipo ilibe cheza choterechi; makina ena ojambulira otchedwa MRI nawonso alibe chezachi. Amayi oyembekezera musaope sikani ya kusikelo, koma mtsikana kapena mayi amene akukayikira kuti ali ndi pakati anene asanajambulidwe X-ray kapena CT. Mwana akagwa n'kukomoka, kusanza mobwerezabwereza kapena kumangogona, thamangani naye kuchipatala nthawi yomweyo, ndipo akakutumizani ku Queen Elizabeth pitani osadikira kuti abale onse asonkhane kaye. Amene mabuku a ana anu anatayika mutsale tikamaliza kuti ndikuuzeni kokapeza ena.