Mwana Wanu Akamangidwa, Chitani Izi Maola 48 Asanathe

Makolo ndi anthu onse olera ana amene mukutimvera muno mu Blantyre, kuyambira ku Ndirande, ku Bangwe mpaka ku Chilomoni, lero tikambirane zoyenera kuchita mukalandira uthenga woti mwana wanu ali m'chitokosi cha apolisi.

Choyamba, nyamukani tsiku lomwelo. Makolo ena akapsa mtima amanena kuti amusiye agone komweko kuti aphunzire mwambo, koma ine ndikuti kumeneko ndi kulakwitsa, chifukwa mwana amene akufunsidwa mafunso popanda kholo pambali pake amatha kuvomera ngakhale zimene sanachite. Ponyamuka, tengani chilichonse chosonyeza zaka zake, kaya ndi kalata ya kubadwa, kadi lakale la kusikelo, kalata ya ubatizo kapena kalata yochokera kwa mphunzitsi wamkulu wa kusukulu kwake. Kadi lija munalisunga m'sutikesi, ngakhale litang'ambika m'mbali, likhoza kupulumutsa mnyamata wa msinkhu wautali amene apolisi amulemba kuti ali ndi zaka 19 pamene ali ndi 16. Kuyambira mu 2017, malamulo aakulu a dziko lino amanena kuti aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana, ndipo mwana sayenera kutsekeredwa pamodzi ndi akuluakulu. Ngati chikalata palibe, pemphani kuti achipatala amuyeze zaka.

Mukafika kupolisi, funsani mwaulemu mlandu umene akumuganizira ndiponso nthawi imene anamugwira, ndipo mulembe zimenezi papepala, pakuti lamulo limafuna kuti akaonekere kukhoti pasanathe maola 48, pokhapokha ngati nthawiyo yathera pa tsiku limene makhoti sagwira ntchito. Pemphani kuti amupereke m'manja mwanu podikira tsiku la kukhoti, ndipo kumbukirani kuti belo ya apolisi ndi yaulere. Funsaninso ngati adziwitsa ofesi yoona za chisamaliro cha anthu, chifukwa lipoti la mlangizi wa kumeneko, lofotokoza za pakhomo ndi za kusukulu, ndi limene limathandiza khoti kumudziwa mwanayo.

Pano ndifuna ndikhazikikepo pang'ono. Lamulo losamalira, kuteteza ndi kuweruza ana la mu 2010 linabweretsa njira yopatutsa mlandu kuti usafike pozengedwa. Ngati mlanduwo ndi waung'ono, monga kuba foni mumsika wa Limbe kapena ndewu ya pa mpira, ndipo mwanayo wavomera yekha mosakakamizidwa, akhoza kuuzidwa kuti apepese, abweze katunduyo, agwire ntchito yothandiza m'dera lake, kapena abwerere kusukulu akuyang'aniridwa. Njirayi siigwira ntchito pa milandu ikuluikulu monga kupha ndi kugwiririra. Koma chenjerani, musamuumirize mwana kuvomera pofuna kuti nkhani ithe msanga, pakuti ngati akukana, ali ndi ufulu woti khoti la ana limve mbali yake.

Kukhoti la ana kulibe chigulu cha anthu oonerera, dzina la mwana siliyenera kutuluka m'nyuzipepala kapena pa wailesi, ndipo inu kholo muyenera kukhalapo. Ngati mulibe ndalama za loya, pitani ku ofesi ya Legal Aid Bureau muno mu Blantyre, kapena funsani alangizi a zamalamulo a bungwe la PASI amene amayendera zitokosi ndi ndende. Mukhozanso kuimba pa nambala yaulere ya ana ya 116.

Khoti likapeza kuti mwana analakwadi ndipo sangabwerere kunyumba, malo ake ndi kosinthira khalidwe monga ku Mpemba m'boma lino la Blantyre kapena ku Chilwa m'boma la Zomba, osati kundende ya Chichiri. Akapita kumeneko, muzikamuona, ndipo mukalankhule ndi aphunzitsi ake kuti akadzatuluka adzapitirize kalasi imene analekezera.