Makalata anu: zofunda, nsikidzi ndi mwana wa ku Malindi

Moni nonse kumene mwatchera khutu, ku Makanjira, Namwera, Katuli, Chilipa, Monkey Bay, ndi inu a pa Mangochi Boma pompano. Yakwana nthawi ija ya makalata anu. Sabata yatha ndinangonena modutsa kuti dzuwa la Okutobala lafika, tiyeni titulutse zofunda ziwombedwe. Koma ndiye ndinaputa mavu. Thumba ladzaza, ndipo pafupifupi kalata iliyonse ikukamba za kuchipinda. Ayi, osati zimenezo, achimwene a pa wailesi ya m'shopu inu mukusekanu. Za mabulangete.

Tiyambe ndi mnyamata wa kwa M'baluku. Akuti: "Ndiyalirenji bedi m'mawa pomwe usiku ndidzagonaponso?" Achimwene, nanga mbale mumatsukiranji poti madzulo mudyeramonso? Komabe pang'ono pokha ndikugwirizana nanu: musathamangire kuyala mutangodzuka. Kutentha kwa kuno munthu amadzuka shiti itanyowa ndi thukuta. Yalulani, tsegulani zenera, kasambeni, mukabwera muyale pouma. Ndipo muzikutumula zofundazo. Amene anagonapo ndi chinkhanira m'bulangete safunsa funso ngati lanuli.

Mayi a ku Koche akufunsa kuti mashiti azichapa kangati. Nyengo ino, sabata iliyonse. Mapilokesi ngati muli nawo osinthira, kawiri pa sabata, makamaka inu odzola mafuta kumutu. Bulangete lomwe munafunda nthawi ya mwera, mu Juni ndi Julaye, musalipinde n'kuliponya m'sutikesi lisanachapidwe. Mudzalipeza chaka chamawa likununkha nkhungu.

Tsopano pali kalata iyi. Ndaiwerenga kunyumba, ndaiwerenganso ndili pa kabaza, ndipo sindikubisirani, yandikhudza. Yachokera kwa mayi wina ku Malindi, ndipo ndiiwerenga yonse.

"Achimwene, ndikulera mwana wa malemu achemwali anga, wa zaka 9. Mayi ake ali moyo anali atasiya kukodzera pogona, koma chibwerereni kwathu wayambiranso. Amuna anga anagula matiresi a ana, ndiye atakodzerapo kangapo anamuchotsa, pano amagona pa thumba la feteleza pafupi ndi chitseko. Apongozi akuti timumangirire chule m'chiuno aleka. Ndikayanika mphasa ana anzake amamuimba nyimbo. Masiku ano amadzuka tambala woyamba n'kukabisa chitenje chonyowacho kuseri kwa bafa, ndimachipeza patapita masiku chitanunkha. Madzi akumwa amawakana kuyambira masana. Sopo akutha, amuna anga akudandaula, ine ndili pakati. Ndichite bwanji?"

Mayi, zikomo polemba. Choyamba ndilankhule ndi bambo a kunyumbako, ngati wailesi ili pafupi muikweze. Bambo, matiresi ndi okwera mtengo, ndikudziwa, ndipo ndalama ya usipa sibwera yokha. Koma mwanayo sakuchitira dala. Palibe mwana wa zaka 9 amene amakonda kudzuka ali chonyowa, anzake n'kumamuimba. Taganizani za mwana amene akudzimana madzi pa kutentha kwa Malindi, kukhosi kuli gwa, pofuna kuti inu musakwiye. Amene akuyesetsa kwambiri m'nyumba mwanumo kuti vutoli lithe ndi iyeyo.

Kukodzera pogona kumachitika munthu ali m'tulo tofa nato. Ana ena chikhodzodzo chawo chimachedwa kukhwima, ena thupi limapanga mkodzo wambiri usiku, ena tulo take n'tolemera moti uthenga woti dzuka sufika. Kawirikawiri zimayenda m'magazi: mukafufuza bwino mupeza kuti amalume ake kapena agogo ake nawonso ankayanika mphasa, kungoti lero ali ndi ndevu ndiye sanena. Koma m'kalata yanu, mayi, muli mawu amene ndikufuna tiwagwire: anali atasiya, wayambiranso. Mwana akayambiranso chonchi, nthawi zambiri pamakhala chimene chamugwedeza mumtima kapena m'thupi. Uyu wataya mayi ake, wasamuka, wagona m'nyumba yachilendo. Ndiye pamwamba pa zonsezo timuike chule m'chiuno? Agogo, ndi ulemu wonse, chule ameneyo musiyeni kudambo. Mantha sauma mphasa, amangowonjezera.

Za m'thupizo, mupite naye kuchipatala sabata yomwe ino, musadikire. Inu a ku Malindi nyanja ili pakhomo, ndipo ana amakhalira m'madzi. Likodzo limachokera ku tizilombo totuluka mu nkhono za m'madzi, timalowa pakhungu mwana akusamba kapena kuchapa, kenaka timakakhazikika m'mitsempha ya chikhodzodzo. Mufunseni mwakachetechete, pa awiri, ngati akumva kuwawa pokodza kapena akuona magazi kumapeto kwa mkodzo. Kwathu kuno ena amati mnyamata akakodza magazi ndiye kuti akukula. Bodza limenelo, ndi matenda, ndipo mankhwala ake alipo, praziquantel, omwe aja amapereka m'sukulu. A chipatala angayezenso matenda a m'njira ya mkodzo ndi shuga. Ngakhale kuvutika kuchita chimbudzi kumapanikiza chikhodzodzo, choncho nenani zonse.

Nanga za kuyala? Gulani mita imodzi kapena awiri a pepala la pulasitiki lija lofolerera nyumba. Kutirani matiresi, pindirani pansi m'mbali zonse, pamwamba yalani chitenje chokhuthala, china chouma muike kumutu kuti akadzuka usiku asinthe yekha mosadzutsa mudzi wonse. Matiresi apulumuka, bambo mtima ukhala pansi, mwana abwerere pomwe pagona anzake. Muikireninso kachitini kapena kandowa pakona. Timaiwala kuti chimbudzi chili panja, kuli mdima, ndipo mwana amene akuopa akhoza kudzuka n'kugonanso osatuluka. Madzi amwe okwanira usana wonse, muchepetse kokha mukatha kudya madzulo, tiyi wa usiku ayi, ndipo akodze asanagone.

Pochapa, musayambe ndi sopo. Tsukuluzani kaye chitenjecho m'madzi ozizira okhaokha, mkodzo uchoke, kenaka ndiye sopo pang'ono. Mudzaona kuti sopo sakutha msanga ndipo fungo silikakamira. Matiresi a siponji aja anyowa kalewo musawamize m'madzi, sauma mkati. Dindani ndi nsalu youma, pukutani ndi madzi a sopo, wazani soda wophikira uja, muwaimike potsamira khoma mphepo ipite mbali zonse.

Chitenje chobisidwa kuseri kwa bafa chija chikundidetsa nkhawa pa chifukwa chinanso. Pali ntchentche ija imene imaikira mazira pa dothi la mkodzo ndi pa nsalu zonyowa zosiyidwa pansi pamthunzi. Mwana akafunda nsalu yotero, mphutsi imalowa pakhungu, pamatuluka chotupa ngati chithupsa chokhala ndi kabowo pakati. Ndiye yanikani pachingwe, padzuwa lenileni, osati pamchenga kapena paudzu, ndipo ngati simbi ya makala ilipo sitani, kutenthako kumapha mazira. Mwanayo mumuuze kuti palibe chobisa: m'mawa abwere nacho kwa inu, muchapire limodzi monga ntchito wamba ya pakhomo, osati chilango. Ndipo chingwecho mumange kuseri kwa nyumba, mkati mwa mpanda. Ana oimba nyimbo aja, makolo awo mukundimva? Akuluakulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Tsiku lomwe mudzakomane nawo pa mjigo muwakumbutse. Mayi, mukabwerako kuchipatala mutilemberenso.

Ndipume kaye, ndimwe madzi. Chabwino.

Mtsikana wa pasukulu ina yogonera komweko akuti m'hostelo mwabuka mphere, aliyense akukanda usiku wonse. Mwanawe, auzeni a matroni mupite nonse kuchipatala. Mphere amachiza onse ogona pamodzi tsiku limodzi, apo ayi mumangopatsirana. Zofunda zichapidwe m'madzi otentha tsiku lomwelo, zosachapika muzimange m'thumba la pulasitiki masiku osachepera atatu, tizilomboto sitikhalitsa popanda khungu la munthu.

Bambo a ku Namiasi akufunsa ngati pilo amachapa. Wa thonje la m'fakitale inde, koma aume mpaka mkati. Wa zigamba kapena wa usufu, khuthulani zam'katimo ziwombedwe ndi dzuwa, muchape thumba lokhalo.

Tsono nkhani ya nsikidzi. Makalata ake sindiwerenga limodzilimodzi chifukwa akunena chinthu chimodzi, kuchokera ku Makawa, kwa Chimwala, kwa Mponda: nsikidzi zatikwana, ndipo zabwera ndi maneti amene boma limagawa. Wina wafika polemba kuti neti yake anaichotsa n'kukatchingira nayo dimba la tomato. Abale anga, apa ndiye ndikudzudzulani pang'ono. Neti sibereka nsikidzi. Zinalimo kale, m'ming'alu ya khoma, m'malumikiziro a bedi, m'misoko ya matiresi, m'mphasa. Zimabwera ndi zikwama za paulendo, ndi mipando kapena zovala za kaunjika, ndipo sizisankha nyumba ya wolemera kapena wosauka. Neti ikapachikidwa zimapeza pokwera ndi pobisala pamisoko yake, ndipo pansalu yoyera zimaonekera, ndiye mwayamba kuziona. Nsikidzi imaluma, imasowetsa tulo, koma malungo ndi amene amatitengera ana kumanda. Mukachotsa neti mwasinthanitsa kuyabwa ndi maliro.

Chomwe nsikidzi imaopa ndi kutentha. Tulutsani bedi panja, limasuleni ngati limamasuka, thirani madzi owira m'malumikiziro monse. Muona timadontho takuda ndi timazira toyera momwe zimakhala. Mphasa ndi mikeka chimodzimodzi. Zofunda viikani m'madzi otentha kwambiri, zina muzimange m'thumba lakuda la pulasitiki ligone padzuwa tsiku lonse, poti dzuwa la Mangochi sitigula. Matani ming'alu ya khoma, bedi mulisunthe lisagunde khoma, ndipo patatha sabata bwerezani, chifukwa mazira otsala amakhala ataswa. Musanamizidwe kuti mukachoka m'chipindamo zifa ndi njala. Zimatha miyezi zosayamwa magazi.

Ndipo ichi ndinene mokweza. Wina walemba kuti anansi ake anamulangiza kuika m'chipinda mapiritsi aja oteteza chimanga ku anankafumbwe, n'kutseka zitseko. Musayerekeze. Mapiritsi amenewo amatulutsa mpweya wakupha, umadutsa m'mipata kufika chipinda china, ndipo oyamba kugwa ndi ana. Mankhwala a thonje kapena a tomato nawonso si opopera pa matiresi. Funsani alangizi a zaumoyo a m'dera lanu.

Netiyo pochapa, madzi ozizira ndi sopo wamba, osaipekesa pamwala, osaithira jiki, ndipo iyo yokha ndiye muiyanike pamthunzi chifukwa dzuwa limapha mankhwala ake. Anaipanga kuti ipirire kuchapa pafupifupi ka 20 pa zaka zitatu, choncho kamodzi pa miyezi iwiri kapena itatu n'kokwanira. Musaichapire m'nyanja, mankhwala akewo ndi poizoni ku nsomba. Za kukokera nayo usipa sindiyamba n'komwe, a komiti ya pa doko akumva.

Pali china chimene ndaona m'thumba lonseli. Ofunsa kachapidwe, onyamula mabulangete kupita nawo ku Shire kapena kumjigo, olira kuti msana wathyoka, onse ndi amayi. Azibambo alemba awiri okha, wina wofunsa za pilo, wina wokana kuyala bedi. Mayi wa ku Nkope akuti amuna awo amachokera kunyanja m'bandakucha n'kudziponya pabedi ndi fungo la nsomba, mchenga uli kumapazi, kenaka n'kumafunsa kuti bwanji mashiti akuda. Akuluakulu anzanga, bulangete lonyowa ndi lolemera, kulifinya kumafuna anthu awiri, wina uku wina uku. Manja amene amakoka chilimira usiku wonse angalephere kupotokola bulangete limodzi? Ngati mukuopa kuti anzanu pa bawo akusekani, finyirani kuseri kwa mpanda, ife sitiulula. Kusamba ndowa imodzi ya madzi musanagone, ndi kutunga madzi tsiku lochapa, basi. Ndipo anyamata anu aphunzitseni akadali aang'ono, chifukwa akadzapita ku Joni kapena ku koleji sakapeza mlongo wawo wowayalira.

Kalata yomaliza, ya agogo a kwa Nankumba. Akuti iwo agona pamphasa moyo wawo wonse, mdzukulu wawagulira matiresi koma msana ukuwawa, abweze kodi? Agogo, musabweze, mdzukulu angakhumudwe. Yalani mphasa yanu mugone mwamtendere, matiresiwo asungireni alendo, kungoti muziwatembenuza ndi kuwatulutsa panja mwezi uliwonse.

Amene akundithandiza kuseri kwa galasi akundilozera wotchi. Makalata a ku Lungwena ndi Malombe okhudza kuyanika zovala nthawi ya dzinja ndawasunga, tiyamba ndi amenewo sabata yamawa nthawi ngati yomwe ino. Tsalani bwino.